Kuyala chamba pa ukonde: momwe ndimadzazira tenti ndi zomera ziwiri zokha

Ulendo woyamba umene ndinalima chamba m'nyumba, chomera chilichonse chinandipatsa mutu umodzi wabwino wa maluwa. Umodzi basi, uja wa pamwamba penipeni umene unali pafupi ndi nyale. M'munsi mwake munali timitu tofewa, topepuka ngati thonje, toti ukaumitsa sutsala ndi kanthu m'manja. Magetsi ndinalipira, feteleza ndinathira, madzi sindinaphonye, koma kuwala kwambiri kunkangogwera pansi m'tenti yotsekeka imene ndimalimiramo, pakati pa miphika, pamene panalibe tsamba loti likulandire. Chimene chinasintha zinthu ndi ukonde wa zingwe woikidwa pamwamba pa miphika, woyalira nthambi pansi pake. Alimi a m'nyumba amaitchula njirayi kuti ScrOG, ndipo ndakhala ndikuigwiritsa ntchito pa mbewu iliyonse kuyambira nthawi imeneyo.

Ndinene kaye za lamulo. Ine ndimalima kumene lamulo limandilola, ndipo ndikulembera anzanga amene nawonso ali ololedwa. M'mayiko ambiri kulima chamba popanda chilolezo ndi mlandu umene umapititsa munthu kundende, choncho fufuzani za kwanuko musanagule ngakhale mphika. Kumene kulima pakhomo kuli kololedwa, lamulo limawerenga zomera. Ku Uruguay, lamulo la mu 2013 linalola zomera 6 pa banja. Ku Canada, kuyambira mu 2018 lamulo la dziko lonse limalola zomera 4 pa nyumba. Ku Germany, kuyambira mu Epulo 2024 munthu wamkulu amaloledwa zomera 3. Onani kuti chimene akuwerenga ndi matsinde, osati nthambi. Munthu wokhala ndi zomera zochepa chonchi alibe njira ina yodzazira malo ake koma kuchititsa chomera chimodzi kutambalala mpaka chigwire ntchito ya zomera zambiri.

Chifukwa chake zimatheka

Chamba chikasiyidwa chokha chimakula mosongoka, chachikulu m'munsi, chopyapyala pamwamba. Nsonga ya tsinde imapanga mankhwala achilengedwe otchedwa auxin, amene amatsika m'tsindemo n'kumaletsa mphukira za m'mbali kuti zisakule mofanana nayo. Kumunda zimenezi sizivuta, poti dzuwa limayenda: m'mawa limaomba mbali iyi, madzulo mbali inayo. Nyale ya m'tenti siyenda. Imangokhala pamwamba pomwepo, ndipo mphamvu yake imachepa msanga ukamatalikira. Pa babu limodzi, mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kumatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Nyale zotambalala za LED zimachitako bwino, komabe nthambi ya m'munsi, yomwe yaphimbidwanso ndi masamba a pamwamba, imangolandira nyenyeswa.

Mukadula nsonga ija, kapena kuigoneka kuti isakhalenso pamwamba pa zinzake, mphukira za m'mbali zimadzuka. Iliyonse imayamba kukula ngati kuti ndiyo nsonga. Ntchito ya ukonde ndi kusunga nsonga zonsezo pa msinkhu umodzi, kuti zikhale pa mtunda wofanana kuchokera ku nyale. Anthu ambiri amaganiza kuti ukonde ndi wochirikiza mitu ikalemera. Umathandizadi pamenepo, koma imeneyo ndi ntchito yake yachiwiri. Mukauika mochedwa, maluwa atayamba kale, mwangopeza chochirikizira, ndipo zokolola sizisintha kwenikweni.

Mbewu yoyenera

Sankhani mtundu umene umayamba maluwa usiku ukatalika, chifukwa ndi umene inu mungaulamulire nthawi. Mukauunikira maola 18 n'kuupatsa mdima maola 6, umangokula masamba ndi nthambi kwa nthawi yonse imene mukufuna. Mukasintha kuti kuwala kukhale maola 12, mdima maola 12, umayamba maluwa. Mitundu ija yotchedwa autoflower imayamba maluwa yokha ikangokwanitsa masabata atatu kapena anayi, kaya ukonde wadzaza kaya ayi. Ndinaiyesapo kamodzi, sindinabwerezenso. Siyipatsa munthu mpata woti ayale nthambi.

Chomera chikhale chachikazi, ndipo mukhale otsimikiza. Gwiritsani ntchito mbewu zokonzedwa kuti zibereke zazikazi zokhazokha, kapena nthambi yodulidwa ku chomera chachikazi chimene mukuchidziwa. Tangoganizani mwayala chomera kwa mwezi wathunthu, chalukana ndi chinzake, kenako mwaona timatumba ta mungu, chizindikiro choti ndi chachimuna. Kuchizula kumasiya theka la ukonde lili mbee. Ndipo ngati mukuika zomera ziwiri kapena zitatu pansi pa ukonde umodzi, zikhale za mtundu umodzi. Mtundu wa masamba opyapyala umatalika kwambiri kuposa wa masamba otambalala, ndipo mukaisakaniza mudzakhala mukulimbana ndi mbali imodzi pamene inayo ikutsalira.

Kumanga ukonde

Tenti yanga ndi ya masentimita 120 mbali zonse ziwiri, ndipo ndimaikamo zomera ziwiri, chilichonse mu mphika wa malita 25. Ena amaika zinayi kuti ukonde udzaze msanga, ena chimodzi chokha n'kudikira nthawi yaitali. Zonse zimatheka, chimene chimasintha ndi kuchuluka kwa masabata odikira.

Felemu ndinaipanga ndi timatabwa tinayi, yocheperako pang'ono kuposa m'kati mwa tenti kuti izilowa ndi kutuluka. Mapaipi a pulasitiki a madzi amagwiranso bwino ntchito. M'mbali mwake ndinakhoma timisomali totalikirana masentimita 5, kenako ndinakulunga chingwe kuchoka mbali iyi kupita mbali iyo, n'kubwerezanso chopingasa. Mabowo amatuluka a masentimita 5 mbali zonse. Akachepa kuposa pamenepa, zala sizilowa ndipo masamba amang'ambika. Akakula kupitirira masentimita 10, nthambi zimangodutsamo n'kuimirira momwe zafunira.

Chingwe chikhale chosalala, chosayoyoka ubweya, chifukwa ubweyawo umamatirira ku mitu ikayamba utomoni ndipo kuuchotsa n'kovuta. Waya wopyapyala ndimaukana: amacheka khungu la nthambi. Ukonde wa mphira wotanuka umene umagulitsidwa pamodzi ndi matenti ndi wabwino pochirikiza, koma poyala nthambi ndi wofooka, chomera champhamvu chimangounyamula pakati n'kupanga chitunda. Chingwe chanu chikokeni mpaka chilimbe, choti mukachigunda ndi chala chizinjenjemera.

Felemuyo ndimaiika masentimita 25 pamwamba pa milomo ya miphika. Pakati pa 20 ndi 30 m'pabwino. Musatsitse kuposa apa poganiza zosunga malo, chifukwa mpata umenewo ndi umene mkono wanu uzidzalowamo pothirira ndi podulira kwa miyezi iwiri kapena itatu. Imangeni zolimba ku mizati ya tenti kapena muipatse miyendo yakeyake, ndipo yesani kuti isapendeke.

Musanayambe kuyala

Chomera chikakhala ndi mfundo zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndiye kuti malo amene masamba amatulukira awiriawiri, ndimadula nsonga pamwamba pa mfundo yachinayi. Lumo likhale loyera, lopukutidwa ndi spiriti. Pakapita masiku angapo, mphukira ziwiri za pamwamba zimasanduka nsonga zatsopano, ndipo za m'munsi nazo zimayamba kuthamanga. Zikakula mfundo zitatu, ndimadulanso kamodzi, basi. Ena amadula katatu kapena kanayi, koma kudula kulikonse kumaimitsa chomera kwa masiku angapo, ndipo ukonde pawokha udzatulutsa nsonga zochuluka kuposa zimene mukufuna.

Chomera chodwala, chofota kapena chimene mwangochisamutsa kumene mphika musachidule. Chisiyeni chiyambe chachira. Ndipo kusamutsa konse kuthe ukonde usanatsike, chifukwa nthambi zikangolowa pansi pa zingwe, mphikawo sudzasunthanso mpaka tsiku lokolola.

Kuyala kwenikweni

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndi ntchito ya manja, ya mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu masiku awiri alionse.

Dikirani nsonga ituluke pa bowo n'kukwera masentimita 5 kapena 7 pamwamba pa ukonde. Kenako igwireni mofatsa, muikokere pansi kudzera pa bowo lomwelo, muigoneke cham'mbali, n'kuilozetsa ku bowo lotsatira, kutali ndi tsinde. Mawa lake mudzapeza yadzutsa mutu kuyang'ana nyale. Ikakweranso, bwerezani. Nthambi imayenda chogona pansi pa zingwe, ndipo pa mfundo iliyonse imene yagona pamatuluka mphukira yoyang'ana kumwamba. Mphukira zimenezo ndizo mitu yanu ya mawa.

Chinthu chimene ndinalakwitsa poyamba ndi kuluka nthambi, kuidutsitsa pamwamba pa chingwe ichi, pansi pa icho, ngati mphasa. Zimaoneka zaudongo, koma nthambi ikanenepa chingwe chimaipana, ndipo mukafuna kuisunthira kwina simungathe. Nthambi izikhala pansi pa ukonde nthawi zonse, zingwe zizingoipondereza kuchokera pamwamba. Ngati ikukana kukhala pamene mwaiika, imangeni momasuka ndi kachingwe kofewa, kosiya mpata woti inenepe.

Ganizirani kumene nthambi iliyonse ikupita musanaigoneke. Zamphamvu ndi zazitali zitumizeni ku ngodya, chifukwa ngodya ndi zimene zimachedwa kudzaza. Pakati musadandaule napo, padzadzaza pokha ndi mphukira zochokera pafupi ndi tsinde, mwinanso kudzaza mopitirira. Nthambi ziwiri zisadutsane ngati pali njira ina. Ine ndimafuna nsonga imodzi pa bowo limodzi, ndipo ndimasiya mabowo ena opanda kanthu, pafupifupi limodzi pa awiri kapena atatu alionse, kuti mitu ikadzakula isakhudzane.

Nthawi yabwino yopinda ndi pamene dothi layamba kuuma pang'ono, musanathirire. Chomera chikangomwa madzi, nthambi zake zimakhala zolimba ndipo zimathyoka msanga. Nthambi yakale, youma khungu, musaikakamize. Ifinyeni pang'onopang'ono pakati pa zala, mukuipotokola mbali iyi ndi iyo, mpaka mumve kuti m'kati mwafewa, ndiye muigoneke. Ikathyoka koma khungu lina likadalumikizana, musaichotse. Bwezerani mbali ziwirizo pamodzi, mukulunge ndi tepi, muichirikize. Nthawi zambiri pakatha sabata imodzi kapena iwiri pamakhala patamera chotupa cholimba, ndipo nthambiyo imapitiriza kukula.

Masamba akuluakulu amene akuphimba mphukira ndimayamba ndawapinda kuwalowetsa pansi pa zingwe. Ndimathyola okhawo amene akubwerera pamalo omwewo kawiri katatu. Tsamba ndilo limapanga chakudya cha chomera, ndipo sindikonda kuona ukonde wometedwa mpala pamene chomera chikufunika kukula.

Tsiku losintha maola

Funso limene limavuta aliyense ndi lakuti, ndisinthe liti kupita ku maola 12? Yankho lagona pa khalidwe limodzi la chamba. Mukangosintha maola, sichiyamba maluwa nthawi yomweyo. Kwa masabata awiri kapena atatu chimathamanga kutalika kuposa nthawi ina iliyonse pa moyo wake. Mitundu yambiri imawirikiza msinkhu kawiri, ndipo ya masamba opyapyala imatha kupitirira pamenepo. Kukula kumeneku kukufunika malo pa ukonde.

Mbewu yanga yachiwiri ndinadikira mpaka bowo lililonse litadzaza, chifukwa zinkaoneka zokongola ndipo ndinkaopa kusiya mpata. Patangotha sabata imodzi nditasintha maola, ndinalibenso koyala nthambi. Zinakwera zonse, zina masentimita 40 pamwamba pa zingwe, zina 15. Nyale ndinaikweza mpaka kudenga la tenti, komabe nsonga zazitali zinayera ndi kupsa, zazifupi zinatsala mu mthunzi. Ndinabwerera pa vuto lomwe lija ndinkalithawa, kungoti tsopano ndinali nditataya masabata ena awiri a magetsi.

Masiku ano ndimasintha ukonde ukadzaza pafupifupi magawo 70 pa 100. Kwa mtundu wotalika kwambiri ndimasintha ukangopitirira theka. Kwa mtundu wofupika, wa masamba otambalala, ndimadikira mpaka magawo 80. Ngati mtunduwo simunaulimepo, sinthani msanga. Ngodya yopanda kanthu imakutayitsani mitu iwiri kapena itatu, pamene ukonde wodzaza mopitirira umaononga mbewu yonse. Kwa ine, ndi zomera ziwiri m'tenti imeneyi, tsikuli limafika pakatha masabata 6 mpaka 8 chibzalire. Lembani m'kope tsiku limene mwasintha ndi momwe ukonde unalili, mudzathokoza pa mbewu yotsatira.

Mukasintha, mdima ukhale mdima weniweni. Kuwala kolowera pa zipi ya tenti, kapena kanyale kofiira ka pa soketi, kukamasokoneza usiku wa zomera, zimatha kuchedwa maluwa kapena kutulutsa timaluwa tachimuna pakati pa tachikazi, mitu n'kudzaza njere. Lowani m'tentimo nyale itazima, mutseke, mudikire maso azolowere, muone ngati pali podontha kuwala. Wotchi imene payokha imayatsa ndi kuzimitsa nyale ndi yofunika. Pa dzanja mudzaiwala tsiku lina.

M'masabata awiri oyamba a maola 12, pitirizani kuyala, tsopano tsiku ndi tsiku, chifukwa nsonga imatha kukwera masentimita angapo usiku umodzi. Dzazani ngodya zija. Cha m'sabata yachitatu mudzaona tiubweya toyera tikuunjikana pa nsonga, ndipo kutalika kukuyamba kuchepa. Pamenepo lekani. Zisiyeni nsonga zonse zikwere pamodzi, masentimita 15 mpaka 25 pamwamba pa zingwe. Ikapezeka imodzi yopitirira zinzake, ikokereni cham'mbali ndi kachingwe kuti itsike, osaidula, chifukwa nsonga yodulidwa nthawi imeneyi ndi mutu wotayika.

Pansi pa ukonde

Gwadani muyang'ane m'munsi. Masamba apamwamba akatsekana, pansipo pamakhala mdima, ndipo chilichonse chimene chili kumeneko chikudya popanda kubweza kanthu. Timphukira tonse timene sitinafike pa zingwe, ndi masamba onse a m'munsi, ndimachotsa. Ndimachita kawiri: pang'ono masiku angapo ndisanasinthe maola, kenako kotsiriza kumapeto kwa sabata yachitatu ya maluwa. Sindichotsa zonse tsiku limodzi. Zikatha, pansi pamatsala matsinde ndi nthambi zopanda kanthu, zooneka ngati nthiti za ambulera.

Phindu lake si chakudya chokha. Denga la masamba lothithikana chonchi limasunga chinyontho, ndipo chinyontho chopanda mphepo chimabweretsa chuku. Pali chija choyera ngati ufa pamasamba, ndi china choopsa kwambiri chimene chimaoletsa mutu kuyambira m'kati. Kunja umaoneka bwino, koma ukautsegula ndi wotuwa, wofumbwa. Mitu ikuluikulu yothinana, yomwe ukonde umakupatsani, ndi imene chimaikonda. Ndimaika kafani kamodzi pansi pa ukonde, kena pamwamba, toomba mopepuka moti masamba azingogwedezeka, kuwonjezera pa chotulutsa mpweya kunja. Chinyontho cha mu mpweya ndimachisunga pakati pa 40 ndi 50 pa 100 nthawi ya maluwa, makamaka masabata otsiriza, ndipo kutentha kusapitirire madigiri 28 nyale ikayaka. Samalani kwambiri ola loyamba nyale ikangozima: mpweya umazizira, chinyontho chimakwera. Mukaona tsamba limodzi la pa mutu lafota lokha popanda chifukwa, likokeni. Likangosololoka mosavuta, tsegulani mutuwo. Wowola udulidwe wonse, utulutsidwe m'thumba lotseka, ndipo usagwiritsidwe ntchito mwanjira iliyonse.

Vuto lina la njirayi, limene sindingalibise, ndi loti zomera sizisuntha. Simungazitulutse kuti muzione bwino kapena kuzitsuka tizilombo tikagwa. Choncho yang'anani kunsi kwa masamba sabata iliyonse ndi galasi lokuzira zinthu, makamaka kufuna tiakangaude tating'onoting'ono timene timasiya timadontho toyera pamwamba pa tsamba. Tipezeni ukonde usanatsekane. Pothirira ndimagwiritsa ntchito chitini cha mlomo wautali, ndipo miphika ndinaikhazika pa timiyendo, pansi pake pali mbale zolandira madzi otsika, zimene ndimatha kuzisolola osanyamula mphika. Tenti ikakhala yotsegula mbali imodzi yokha, onetsetsani kuti dzanja lanu likufika ku ngodya za kumbuyo musanamange felemu. Ngati silikufika, chepetsani felemuyo.

Nyale isungeni pa mtunda umene opanga ake analemba, ndipo muziyeza kuchokera pa nsonga, osati pa zingwe. Ubwino wake tsopano ndi woti muyeso umodzi ukukwanira nsonga zonse.

Kukolola

Mitundu yambiri imakhwima pakatha masabata 8 mpaka 10 chisinthire maola, ina yotalika imapitirira. Ine ndimayang'ana timadontho ta utomoni ta pa mitu ndi galasi lija: tikachoka poonekera ngati madzi n'kukhala toyera ngati mkaka, tina pang'ono titayamba kufiirira, nthawi yakwana. Popeza mitu yonse yalandira kuwala kofanana, imakhwima pafupifupi nthawi imodzi, ndipo sindikololanso kawiri ngati kale.

Musayese kusolola nthambi m'mabowo, mudzapukuta utomoni wonse pa zingwe. Dulani nthambi iliyonse pansi pa ukonde, muitulutsire pamwamba, imodziimodzi, kuyambira kutsogolo kupita kumbuyo. Pamene yakodwa, dulani chingwecho. Ndi chifukwa chake ndimakonda chingwe wamba: ndimachidula, n'kuchitaya, felemu ndimaitsuka ndi sopo, ndipo kukulunga chatsopano kumanditengera theka la ola. Felemu yomweyo ndimaikweza m'mwamba mwa tenti, nyale itazima, kafani kakuomba kukhoma, n'kupachikapo nthambi zija chozondoka kuti ziume pang'onopang'ono kwa masiku 10 mpaka 14, kufikira kanthambi kakang'ono kazithyoka ndi kaphokoso m'malo mongopindika.